Mowa Pambuyo pa Opaleshoni Yocepetsa Thupi: Zimene Banja ndi Mpingo Ayenera Kudziwa

Nkhani ya zaumoyo ya ulendo uno ingaoneke ngati ya anthu a kutali. Opaleshoni yocepetsa thupi ndi ya zipatala zikulu-zikulu za m'mizinda, ndipo mtengo wake si wa mlimi wa nshawa wa ku Petauke kapena wogulitsa nthoci pa mseu ku Nyimba. Koma ana athu ali ku Lusaka, ku Kitwe, ku Johannesburg ndi ku London, ndipo ndege imene imanyamula anthu a m'Zambia okafuna cithandizo ca mtima kapena impso ku India ndi yomweyo imene munthu angakwere kukacepetsa cifu cake. Wotere akabwera kumudzi pa Khrisimasi timam'landira ndi nthungululu: thupi lapepuka, shuga yatsika, maondo aleka kuwawa. Cimene ambiri sitidziwa ndi cakuti m'thupi la munthu ameneyo mowa suyendanso monga unali kuyendera kale. Botolo limodzi limagwira nchito ya mabotolo awiri, limaigwira mwamsanga, ndipo anthu ena amene sanavutikepo ndi mowa moyo wao wonse amagwa mu ucidakwa patapita zaka ziwiri kapena zitatu.

Palinso cifukwa caciwiri, ndipo ici ndi ca pafupi. Pakati pathu pali anthu amene anadulidwa mbali ya cifu, osati kuti aonde, koma cifukwa ca zilonda za m'mimba zimene zinafika poipa, kapena cifukwa ca khansa. Mimba yao inalumikizidwa m'njira yofanana kwambiri ndi ya ocepetsa thupi, conco zambiri zimene zalembedwa pano zikuwakhudza iwonso.

Kodi opaleshoniyi ndi yotani?

Madotolo amapima kunenepa ndi nambala yochedwa BMI. Amatenga makilogalamu a munthu n'kuwagawa ndi msinkhu wake m'mamita, kenaka n'kugawanso ndi msinkhu womwewo. Munthu wa makilogalamu 120 wotalika mamita 1.65 ali ndi BMI ya 44. Kuyambira 1991 malangizo ocokera ku America anali akuti opaleshoni iganiziridwe BMI ikafika 40, kapena 35 ngati pali matenda ena monga shuga ndi BP. Mu 2022 mabungwe a madotolo a opaleshoniyi anatsitsa manambalawo kufika pa 35, ndiponso pa 30 kwa odwala matenda onga shuga. Si opaleshoni yofuna kukongola, monga ena amanenera mseri. Ndi cithandizo ca munthu amene thupi lake likumufupikitsira moyo.

Kunenepa sikulinso vuto la maiko olemera okha. Kafukufuku wochedwa STEPS, amene Unduna wa Zaumoyo unacita mu 2017 mothandizana ndi bungwe la WHO, anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anai m'Zambia ali ndi thupi lopitirira muyezo, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu anali atamwa mowa m'masiku 30 kafukufukuyo asanam'peze. Ife a msinkhu wanga tinakula tikudziwa kuti thupi lalikulu ndi umboni wakuti munthu akusungidwa bwino, ndipo m'zaka za m'ma 1990 kuonda kunali ndi dzina lake limene tonse tikulikumbukira. Mwina ndiye cifukwa cake nkhani za thupi timazikamba monong'ona mpaka lero.

Njira zodziwika zilipo zitatu. Pa gastric bypass dotolo amadula kathumba pamwamba pa cifu, kukula kwake ngati dzira la nkhuku, n'kukalumikiza ku matumbo aang'ono, kotero kuti cakudya cimalambalala mbali yaikulu ya cifu ndi poyambira matumbo. Pa sleeve gastrectomy amacotseratu magawo pafupifupi 80 pa 100 a cifu, kotsalako n'kukhala kowonda ngati nthoci. Iyi ndiyo imacitika kwambiri masiku ano pa dziko lonse. Yacitatu ndi gastric band, lamba womanga cifu cakumtunda popanda kucidula, ndipo madotolo ambiri aisiya cifukwa zotsatira zake sizikhalitsa.

Mbiri yake ndi imene imasonyeza ubale wa opaleshoniyi ndi ya zilonda za m'mimba. Mu 1881 ku Vienna, dotolo wochedwa Theodor Billroth anakhoza koyamba kudula mbali ya cifu ca wodwala khansa, wodwalayo n'kudzuka. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, kudula cifu kunali cithandizo cofala ca zilonda zosapola. Edward Mason wa pa yunivesite ya Iowa ku America anaona kuti anthu odulidwa cifu motere amaonda ndipo savutanso kunenepa, ndipo mu 1966 anatenga nzeru imeneyo n'kucita gastric bypass yoyamba. Conco amalume anu amene anadulidwa cifu ku UTH cifukwa ca zilonda, ndi mlongo wanu amene anakacita bypass ku Johannesburg, mimba zao ndi pacibale. Koma amene anangosokedwa cilonda cobooka, cifu osacidula, iye sali m'gulu limeneli.

Tinene poyera kuti opaleshoniyi imagwira nchito. Ambiri shuga yao imatsika mpaka kusiya mankhwala, ndipo kafukufuku wamkulu wa ku Sweden amene anayamba mu 1987 anapeza kuti imfa zinali zocepa pakati pa ocitidwa opaleshoni poyerekeza ndi anzao onenepa mofanana amene sanacitidwe. Nkhani ino siikuletsa munthu. Ikungoika patebulo mbali imodzi imene kawiri-kawiri imatsalira pa pepala limene wodwala amasaina ali ndi mantha, osaliwerenga.

Cipata cimene cimacotsedwa

Cifu ca munthu cili ngati damu lokhala ndi cipata kumunsi kwake. Zimene tadya ndi kumwa zimayamba zaima m'damumo, ndipo cipataco cimatsegula pang'ono-pang'ono kuti zipite ku matumbo aang'ono. Mowa wambiri sulowa m'magazi uli m'cifu, umalowera m'matumbo. Ndiye cifukwa cake womwa atadya nsima amacedwa kuledzera kusiyana ndi womwa pa njala: nsima imacedwetsa cipata. Komanso pamene mowa ukudikira m'cifu, kagawo kena kamaphwanyidwa usanafike n'komwe m'magazi, ndipo ciwindi cimalandira wotsalawo pa liwiro limene cingakwanitse.

Bypass imacotsa zonsezi nthawi imodzi. Damu palibe, cipata calambalalidwa, ndipo cimene munthu wameza cimagwera m'matumbo pafupifupi nthawi yomweyo. Pa sleeve cipata cimatsala, koma cifu cowondaco cimakankha zamadzi msanga. Onjezani kuti munthuyo tsopano amadya masipuni ocepa cabe, ndiponso amauzidwa kuti asamwe zinthu pamodzi ndi cakudya, mupeza kuti nthawi zonse amamwa ngati wa njala. Thupi lakenso lacepa, conco mowa womwewo uli ndi malo ocepa omwazikamo.

Izi zinapimidwa. Mu 2002 ofufuza a ku Sweden anapeza kuti mwa azimai ocitidwa bypass mowa unali kufika pa nsonga m'magazi pa mphindi 10, pamene mwa anzao unali kutenga mphindi 30. Mu 2007 pa yunivesite ya Stanford anapatsa anthu tambula imodzi ya vinyo. Ocitidwa bypass anafika pa 0.08, umene ndi mlingo woletsa kuyendetsa motoka ku England ndi mbali zambiri za America, pamene ena anathera pa 0.05, ndipo kuti mowa uthe m'thupi zinawatengera mphindi 108 poyerekeza ndi 72. Mu 2015 Marta Yanina Pepino ndi anzake ku St. Louis anasonyeza kuti mwa mzimai wa bypass matambula awiri amakweza mowa m'magazi ngati anai, ndipo mu 2018 gulu lomwelo linapeza zofanana mwa ocitidwa sleeve.

Kodi liwiro limeneli likugwirizana bwanji ndi cizolowezi? Ubongo umaphunzira msanga kukonda cinthu cimene cimaufikira mwamphamvu komanso mwadzidzidzi. Ife a m'Zambia tinaziona ndi maso athu pa nkhani ya tujilijili. Mowa wa masese unalipo kuyambira makolo, ndipo unali kuononga mabanja ndithu, koma timapaketi tija ta mowa waukali, tomwedwa kamodzi n'kamodzi pa mimba yopanda kanthu, tinagwira anyamata athu m'miyezi yocepa, mpaka boma linatiletsa mu 2012 pamene Nkandu Luo anali nduna ya maboma aang'ono. Mwa munthu wodulidwa cifu, ngakhale botolo wamba la Mosi limafika ku ubongo m'njira ya kajilijili.

Ndi angati amene amagwa?

Kafukufuku wodziwika kwambiri ndi wa Wendy King wa pa yunivesite ya Pittsburgh ndi anzake, amene anatsatira anthu 1,945 m'zipatala 10 za ku America. Zotsatira zake zinatuluka mu 2012. Opaleshoni isanacitike, 7.6 peresenti anali ndi zizindikiro za vuto la mowa. M'caka coyamba anali 7.3 peresenti, ndiye kuti panalibe kusintha kwenikweni. M'caka caciwiri anakwera kufika 9.6 peresenti. Mu 2017 gulu lomwelo linanenanso za anthu amene analibe vutoli poyamba: pofika zaka zisanu, pafupifupi mmodzi mwa asanu a bypass anali ataonetsako zizindikiro, pamene mwa a lamba anali pafupifupi mmodzi mwa asanu ndi anai. Ku Sweden nako anapeza kuti a bypass anali kugonekedwa m'cipatala cifukwa ca mowa kwambiri kuposa ocitidwa njira zongocepetsa cifu.

Manambala awa tiwawerenge mwacilungamo. Anai mwa asanu sanagwe, ndipo si onse oonetsa zizindikiro amene anafika pa ucidakwa weniweni. Koma mmodzi mwa asanu si wocepa. Cimene cinandigwira mtima powerenga ndi nthawi yake. Caka coyamba munthu amasamala: bala likali latsopano, dotolo akumuona kawiri-kawiri, banja likumuyang'anira, ndipo aliyense akumuyamikira. Caka caciwiri sikelo yaima, oyamikira azolowera, masiku a ku cipatala atalikirana, ndipo wina pa cikwati amuuza kuti, "Katambula kamodzi sikangakuphe." Vuto limayamba pamene tonse taleka kuyang'ana.

Ofufuza omwewo anachula amene ali pa ngozi yaikulu: amuna, acinyamata, osuta fodya, amene anali kumwa kawiri kapena kuposa pa sabata opaleshoni isanacitike, ogwiritsa nchito mankhwala ozunguza bongo, ndi amene amadziona kuti alibe anthu ao, alibe gulu limene amaliyesa lao. Mfundo yomalizayi muisunge, tibwereranso kwa iyo.

Pali kafotokozedwe kofala kakuti munthuyo anali kapolo wa cakudya, ndiye atalandidwa cakudya wangosintha mbuye. Kamamveka bwino, ndipo paguwa kangakome kulalikira, koma umboni wake ndi wofooka. A lamba naonso amalandidwa cakudya, koma sagwa mofanana ndi a bypass. Ndiponso makoswe a m'malo ofufuzira, amene alibe cisoni ca pa ubwana kapena mavuto a m'banja, ena atacitidwa bypass anayamba kufuna mowa kwambiri kuposa anzao. Sindikunena kuti mtima ulibe mbali. Munthu amene kale anali kutonthoza nkhawa zake ndi mbale ya cakudya amafunadi potsamira pena, ndipo ukwati ungagwedezeke pamene mmodzi wasintha thupi, zovala ndi anzake. Koma muzu waukulu uli m'matumbo ndi mu ubongo, ndipo kumuuza munthu kuti anali wosusuka kuyambira kale ndi kumunamizira.

Cifukwa cake mowa umaononga msanga thupi lotere

Coyamba ndi mavitamini. Munthu wodulidwa cifu salandira bwino vitamini B12, vitamini B1 ndi ayironi kucokera m'cakudya, ndiye cifukwa cake amauzidwa kumwa mapilitsi a mavitamini moyo wake wonse. Mowa naonso umalanda vitamini B1, ndipo nkhokwe ya vitamini ameneyu m'thupi imatha m'masabata awiri kapena atatu cabe. Akatha, ubongo umadwala: munthu amasokonezeka, amayenda dzandi-dzandi ngakhale sanamwe, ndipo maso amagwedera kapena kuona zinthu ziwiri-ziwiri. Matendawa anawafotokoza Carl Wernicke ku Germany mu 1881, caka comweco ca Billroth, ndipo mwa odwala ake atatu, awiri anali amuna omwa mowa, wacitatu anali mtsikana amene njira yoturukira m'cifu cake inaonongeka ndipo anali kusanza kosaleka. Wodulidwa cifu amene amamwa wasenza zifukwa zonse ziwiri pamodzi. Akalandira vitamini B1 wa jekeseni mwamsanga angacire. Akacedwa, kuiwala kumakhala kwa moyo wonse.

Caciwiri ndi shuga. Ciwindi cikatangwanika ndi mowa cimaleka kutulutsa shuga m'magazi, ndipo anthu a bypass amavutika kale ndi kutsika kwa shuga akatha kudya. Munthu amene shuga yake yatsika amatuluka thukuta, amanjenjemera, amalankhula zosamveka, kenaka amakomoka. Oona amangoti waledzera, mugonekeni, adzuka mawa. Ena sadzuka. Wodulidwa cifu akakomoka atamwa, m'gonekeni cam'mbali, musamuthire cinthu m'kamwa, ndipo funani mayendedwe opita ku cipatala.

Zina ndi izi: pamene kathumba kanalumikizidwa ndi matumbo pamabuka zilonda, maka-maka mowa ukaphatikizana ndi fodya ndi mapilitsi a ululu onga brufen, diclofenac ndi aspirin. Ciwindi ca munthu amene anali wonenepa kwambiri nthawi zambiri cimakhala cofooka kale ndi mafuta. Mowa umabwezanso thupi limene munthu analipirira ndalama zambiri kuti licoke. Ndipo ofufuza m'maiko angapo apeza kuti kudzivulaza ndi kudzipha kumaculukirapo pakati pa ocitidwa opaleshoniyi, ndipo mowa umacotsa cimene cikanam'gwira munthu dzanja pa usiku woipa. Za mseu wa Great East sindicita kunena zambiri. Malori ndi mabasi ake mumawadziwa, ndipo amene wamwa "limodzi cabe" angakhale ataledzera mokwanira asanafike pa njinga yake yamoto.

Zakumwa za kwathu, ndi cikho ca Mgonero

Malangizo olembedwa ku India kapena ku South Africa amakamba za vinyo ndi mowa wa m'mabotolo. Sachula kacasu, amene mphamvu yake palibe amene amaipima, ndipo botolo la lero silifanana ndi la mawa. Sachula Chibuku, amene amapitiriza kuwira ali m'paketi. Sachulanso thobwa ndi munkhoyo, zimene tsiku loyamba ndi zakumwa za ana ndi akulu a mpingo omwe, koma zikagona masiku angapo zimayamba kuluma. Kwa ife tonse kuluma kumeneko ndi kocepa. Kwa wodulidwa cifu ndi kokwanira kumuzunguza mutu. Pa maliro, pa cikwati, ngakhale pa mwambo wa Tuwimba pamene mitsuko imaculuka, afunse kuti thobwalo linaphikidwa liti, ndipo ife tisakhumudwe akakana. Mankhwala ena a cifuwa amadzi naonso amakhala ndi mowa. Awerenge botolo kapena afunse wogulitsa.

Wina adzafunsa za 1 Timoteo 5:23, pamene Paulo analangiza Timoteo za vinyo pang'ono cifukwa ca mimba yake. Vesi imeneyi ndaimva ikuchulidwa m'malo ambiri amene Paulo sakanafuna kukhalako. Anali kulankhula ndi mnyamata mmodzi wa cifu cathunthu, m'nthawi imene vinyo anali kusakanizidwa ndi madzi. Si kalata ya dotolo yopita kwa munthu amene cifu cake ndi dzira la nkhuku.

Za Mgonero wa Ambuye, mipingo imasiyana: ina imagwiritsa nchito vinyo weniweni, ina madzi a zipatso. Njira yaciwiriyi si yacilendo. Thomas Welch, Mmethodisti wa ku New Jersey, anayamba kuphika madzi a mphesa kuti asawire mu 1869, colinga cake cili Mgonero womwewu. Kadontho ka m'cikho sikaledzeretsa munthu, ngakhale wa bypass. Koma kwa amene akulimbana ndi kusiya, fungo lokha lingadzutse cilakolako cimene anacigoneka movutikira. Abusa ndi akulu a mpingo angakonze izi mwakacete, popanda kulengeza dzina la munthu.

Kudziwa kuti vuto layamba

Musadikire kumuona akugwa mu ngalande. Cifukwa amaledzera ndi zocepa, mabotolo opanda kanthu sadzaculuka pakhomo, ndipo iye mwini adzadzitonthoza kuti amamwa pang'ono kuposa anzake onse, zimene zidzakhala zoona. Yang'anani zina. Kodi cakumwa calowa m'malo mwa cakudya ca madzulo? Kodi amamwa yekha, kapena kubisa? Kodi amaiwala zimene analankhula dzulo? Kodi anayesapo kuleka n'kulephera, kapena amakwiya wina akafunsa? Kodi manja amanjenjemera m'mawa mpaka atamwako? Kodi wasiya mapilitsi a mavitamini ndi masiku oonana ndi dotolo? Bungwe la WHO lili ndi mafunso 10 ochedwa AUDIT amene azaumoyo amagwiritsa nchito, ndipo amapezeka pa intaneti. Wopeza mapointi 8 kapena kuposa ayenera kukambirana ndi wa zaumoyo.

Kufunsa kwabwino kumacitika munthu ali bwino-bwino, muli awiri, ndipo kumayamba ndi zimene mwaona, osati ndi dzina limene mwam'patsa. Kumathandizanso kumuuza zimene mwawerenga pano. Ambiri amanyamula manyazi aakulu, akuganiza kuti ataya mwai umene banja lonse linasonkhera ndalama, ndipo sanamvepo kuti cimene cikuwacitikira cili ndi cifukwa cimene madotolo anacipima.

Cithandizo

Cenjezo loyamba ndi ili, ndipo likukhudza cidakwa aliyense, wodulidwa cifu kapena ai. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asaleke mwadzidzidzi ali yekha kunyumba, ndipo tisamutsekere m'cipinda kapena kumutengera kuphiri kukasala kudya. Thupi lozolowera mowa likausowa limayamba kunjenjemera m'maola ocepa, lingagwe khunyu m'masiku awiri oyamba, ndipo pa tsiku laciwiri mpaka lacinai munthu angayambe kuona zinthu zimene palibe, kutentha thupi ndi kubwebweta. Kumudzi timafulumira kunena kuti ndi ziwanda kapena walodzedwa. Ndi matenda odziwika, amapha, ndipo amacizika ndi mankhwala wamba onga diazepam ndi vitamini B1 pansi pa diso la azaumoyo. Pemphero lipite naye ku cipatala. Kusala kudya kwa wodulidwa cifu amene amamwa ndi njira yacidule yopita ku matenda a Wernicke aja.

Poyambira ndi cipatala cimene muli naco pafupi: Kalindawalo General Hospital kapena cipatala ca boma ku Petauke, Minga, Nyanje, cipatala ca ku Nyimba, kapena St Francis ku Katete. Iwo ndiwo angakutumizeni ku Chipata kapena ku Chainama ku Lusaka, kumene kuli akatswiri a matenda a maganizo ndi a zizolowezi. Dzina la Chainama lisakuopseni. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti munthu wapenga. Palinso mankhwala ocepetsa cilakolako ca mowa, onga naltrexone ndi acamprosate, amene dotolo angaone ngati ndi oyenera. Magulu a anthu osiya mowa okumana sabata ndi sabata, monga a Alcoholics Anonymous amene anayamba ku Akron mu 1935, athandiza ambiri, ndipo masiku ano misonkhano ina imacitika pa foni.

Tsopano tibwerere ku mfundo ija ya munthu wodziona kuti alibe anthu ake. Malamulo a mipingo yathu pa kuledzera ndi odziwika, ndipo si nchito ya mlembi kuwasintha. Koma ngati kusowa gulu ndi cimodzi mwa zinthu zimene zimakankhira munthu ku botolo, ndiye kuti cilango cimene cimathera pa kumucotsa mu kwaya, mu cigwirizano ca amai kapena ca amuna, popanda wina womuyendera, cikuthira mafuta pa moto womwewo. Malo a mowa sacotsa munthu pa mpando, amam'sungira. Bwalo la akulu likakhala pa nkhani yotere, lifunse coyamba ngati munthuyo anacitidwapo opaleshoni ya m'mimba, ndipo lisankhe anthu awiri okhwima, osunga cinsinsi, oti aziyenda naye mpaka ku cipatala. Mkazi kapena mwamuna wake naye afunika womumvetsera, cifukwa nthawi zambiri wakhala akubisa nkhaniyi yekha kwa miyezi.

Kwa amene akuganizira opaleshoni

Uzani dotolo zoona za kamwedwe kanu, ngakhale ndinu mkulu wa mpingo ndipo akwanu sadziwa. Madotolo sacita opaleshoniyi pa munthu amene ali mkati mwa vuto la mowa, ndipo kubisa kuti mudutse ndi kudzipweteka nokha. Chulaninso ngati atate, amai kapena abale anu anavutikapo ndi mowa, ngati mumasuta, kapena ngati munadwalapo matenda a nkhawa. Zimenezi zingasinthe njira imene dotolo angasankhe.

Zipatala zambiri zimaletsa mowa m'miyezi yonse imene thupi likutsika mofulumira, kenaka zimalola pang'ono mosamala. Ine, poona kuti ngozi imakula kuyambira caka caciwiri ndipo imapitiriza kukula zaka zotsatira, ndikuona kuti kuusiyiratu ndiyo njira yosavuta kuisunga, maka-maka kwa munthu amene dotolo wake ali ku Delhi ndipo iye ali ku Petauke. Amene sanamwepo asayambe, ngakhale wina anene kuti vinyo ndi wabwino ku mtima.

Musanacoke ku cipatala cimene mwacitidwira opaleshoni, pemphani kalata yonena dzina lenileni la opaleshoniyo, tsiku lake, mavitamini oyenera kumwa ndi magazi oyenera kupimidwa caka ndi caka. Opaleshoni zambiri za masiku ano zimasiya timabala ting'ono-ting'ono, ndipo wa zaumoyo wa ku Nyimba amene akukuonani koyamba usiku, inu muli cikomokere, sangadziwe kuti cifu canu si cathunthu. Jambulani kalatayo pa foni, ina mupatse amene mumakhala naye, ina ikhale m'khadi lanu la ku cipatala. Amene anadulidwa cifu kale-kale cifukwa ca zilonda ndipo mapepala anatayika, auze banja lake ndi mau, ndipo azinena zimenezi nthawi iliyonse akafika pa cipatala, asanafunsidwe.